Kusankha kamera ya kutsogolo ndi kumbuyo ya m'galimoto: mafunso ndi mayankho

Kamera ya m'galimoto, imene ambiri amangoitchula kuti dash cam, ili ndi ntchito imodzi: kusunga umboni wa zochitika pamsewu. Mumatha miyezi osaiganizirako, kenako tsiku lina mumafuna masekondi 20 okha, ndipo masekondi amenewo ayenera kupezeka pa memori khadi ya kamerayo, ooneka bwino, tsiku ndi nthawi zili zolondola. Mayankho onse ali m'munsimu atsamira pamenepo.

Kodi kamera ya kumbuyo ndi yofunikadi? Yakutsogolo yokha siyokwanira?

Kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku m'misewu yodzaza magalimoto, ya kumbuyo ndi yofunika. Wina akakuwombani kumbuyo mutaima pa maloboti, kamera ya kutsogolo imangoonetsa chithunzi chikugwedezeka basi. Siionetsa kuti anabwera ndi liwiro lotani, kapena kuti maso ake anali pafoni. Mlandu umavuta kwambiri pamene wakumbuyoyo wakukankhirani pa galimoto ya kutsogolo kwanu. Popanda vidiyo ya kumbuyo, zimaoneka ngati ndinu amene munalephera kugwira mabuleki.

Palinso phindu lina limene ambiri saliganizira. Galimoto yochokera kutsogolo ikakukhudzani n'kuthawa, nambala yake imadutsa pa kamera ya kutsogolo m'kuphethira kwa diso, koma kamera ya kumbuyo imaionanso kachiwiri ikupita.

Gulani makamera awiriwa ali pamodzi m'bokosi limodzi. Amagwiritsa ntchito khadi limodzi, moto umodzi ndi wotchi imodzi, choncho mavidiyo ake amayenderana nthawi. Makamera awiri osiyana amagwiranso ntchito, koma mawotchi ake amayamba kusemphana pang'onopang'ono. Musasokonezenso ndi kamera yothandiza pobwerera m'mbuyo: iyo imaloza pansi pa bampala ndipo nthawi zambiri sisunga chilichonse.

Pabokosi palembedwa 1080p, 1440p kapena 4K. Nditenge iti?

Manambalawa akunena kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi. 1080p ndi 1920 x 1080, timadontho pafupifupi 2 miliyoni. 1440p ndi 2560 x 1440, pafupifupi 3.7 miliyoni. 4K ndi 3840 x 2160, pafupifupi 8.3 miliyoni. Timadontho tikachuluka, nambala ya galimoto imawerengeka ili pataliko, makamaka masana.

Ife timalangiza 1440p kutsogolo ndi 1080p kumbuyo ngati poyambira pabwino. 4K yeniyeni ndi yabwino ndithu, koma imatentha kwambiri ndipo imadzaza khadi msanga. Kamera ya kumbuyo ya 720p isiyeni. Imaonetsa kuti galimoto inalipo, osati kuti inali yandani.

Chenjerani ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi 4K yabodza: sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera, ndi ya timadontho 2 kapena 4 miliyoni, ndipo kamera imangokoka chithunzicho kuti chikule. Fayilo imalembedwa 4K koma zooneka mkati ndi za 1080p. Wopanga wosabisa kanthu amatchula dzina la sensa. Ngati sanatchule, kayikirani. Chachiwiri, makamera ena amajambula 4K pokhapokha ya kumbuyo itazulidwa, ndipo mukailumikiza ya kutsogolo imatsika. Funsani nambala ya makamera onse awiri akugwira ntchito limodzi. Chachitatu ndi bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene kamera imalemba pa sekondi, komwe kumayezedwa mu Mbps. Ikachepa, chithunzi chimaoneka bwino mukaima, koma mukayamba kuyenda pakati pa mitengo, masamba ndi zikwangwani zimasanduka timabokosi tosamveka. 4K yolembedwa pa 15 Mbps imagonja kwa 1440p yolembedwa pa 25 Mbps.

Zithunzi 30 pa sekondi n'zokwanira. 60 imasalala bwino masana, koma usiku siwonjezera zambiri.

N'chifukwa chiyani nambala za magalimoto siziwerengeka usiku, ngakhale pa kamera yodula?

Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo ndi bwino kuzimvetsa musanadandaule ndi ndalama zanu.

Kukada, kamera imatsekula diso lake nthawi yotalikirapo kuti kuwala kulowe, mwina gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi. Galimoto yodutsa pa 60 km/h imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi, kutanthauza kuti m'kanthawi kameneko yasuntha theka la mita n'kupitirira. Zilembo za nambala zimapakika ngati inki yonyowa yomwe wina wadutsapo chala. Ngati galimotoyo ikubwera kudzakumana nanu, liwiro lanu ndi lake zimaphatikizana, ndiye kupakikako kumawirikiza.

Chifukwa chachiwiri ndi nambala yeniyeniyo. Nambala zambiri zimapangidwa kuti zizinyezimira zikawalidwa. Nyali zanu zikaigunda, kamera imene yadzikonzekeretsa mdima imangoona kachidutswa koyera mbee, popanda chilembo.

Zothandiza ndi izi: sensa yabwino, HDR yogwiradi ntchito, ndi lenzi yolowetsa kuwala kwambiri. Masensa a Sony a mtundu wa STARVIS 2, monga IMX678 ndi IMX675, ndiwo akuchita bwino pa ntchitoyi. HDR imajambula chithunzi chowala ndi chodera nthawi imodzi n'kuziphatikiza, kotero kuti nambala siyereratu. Pa lenzi yang'anani f/1.6 kapena f/1.8, nambala ikachepa, kuwala kolowa kumachuluka. Ngakhale zili choncho, palibe kamera imene imagwira nambala iliyonse usiku. Ngati maikolofoni ndi yoyatsa, werengani nambalayo mokweza pamene mukuiona ndi maso. Mawu anu amasungidwa mu vidiyo momwemo, ndipo angathe kupulumutsa mlandu.

Lenzi yoona mbali yaikulu, monga madigiri 170, ndiyo yabwino?

Osati kwenikweni. Lenzi ikatambasuka kwambiri, timadontho tomwe tija timagawidwa pa malo aakulu, ndiye galimoto yomwe ili mamita 10 kutsogolo imaoneka yaing'ono ndiponso yakutali, m'mbali mwa chithunzi mukupindika. Madigiri 130 mpaka 150 amakwanira kuona msewu wanu ndi ya m'mbali.

Kamera ya batire ndi ya supercapacitor zikusiyana bwanji?

Kamera imadya moto wa galimoto. Kabatire ka mkati ntchito yake ndi yongomalizitsa kusunga fayilo pamene moto waduka. Vuto ndi kutentha. Galimoto yoimikidwa padzuwa, magalasi otseka, pa dashibodi pamatha kufika 70°C kapena kuposa, ndipo kamera ili pomwepo, yomatidwa pagalasi. Batire la lithium likapsa motero tsiku ndi tsiku limatupa, limasiya kusunga moto, ndipo nthawi zina limang'amba chikhokho cha kamera. Likafa, fayilo yomaliza sisungidwa bwino, ndipo fayilo yomaliza ndiyo ya ngozi imene yadula moto.

Supercapacitor, kachipangizo koikidwa m'malo mwa kabatire, imasunga moto wa masekondi ochepa okha, okwanira kutseka fayilo, koma imapirira kutentha ndi kuzizira kwa zaka. Apa sitikayikira: tengani ya supercapacitor. Yang'ananinso kutentha komwe wopanga walonjeza. Kamera yabwino imalembedwa 60°C kapena 65°C kupita m'mwamba.

Kodi memori khadi iliyonse ingagwire ntchito?

Ayi. Madandaulo ambiri a "kamera yanga sinajambule" gwero lake ndi khadi, ndiye apa tikhalitsapo.

Khadi la m'foni limalembedwa mwa apo ndi apo. La mu dash cam limalembedwa sekondi iliyonse galimoto ikamayenda, kudzaza, kufufuta, kulembanso, lili m'malo otentha. Timagawo ta mkati mwake tili ndi malire a kulembedwa, ndipo tikatopa khadi limayamba kudumpha mafayilo kapena kukaniratu kulemba. Choopsa n'chakuti makamera ena sachenjeza. Nyali yofiira imaphethira monga mwa nthawi zonse pamene pakhadi pali mavidiyo a miyezi itatu yapitayo.

Gulani microSD yolembedwa High Endurance kapena Max Endurance, monga SanDisk High Endurance kapena Samsung PRO Endurance, yokhala ndi chizindikiro cha U3 kapena V30, kusonyeza kuti imalemba 30 MB pa sekondi osatsika. Gulani kwa wogulitsa wodalirika, chifukwa makhadi achinyengo ndi ambiri: kunja 128 GB, mkati 16 GB. Khadi lotero limaonetsa mayina a mafayilo koma mafayilowo satseguka. Pulogalamu ya pakompyuta ya H2testw imadzaza khadi lonse n'kuwerenga zomwe yalemba, ndipo imaulula kukula kwake kwenikweni.

Kukula kwake werengani motere. 8 Mbps imadya 3.6 GB pa ola. Ngati kamera ya kutsogolo imalemba 20 Mbps ndipo ya kumbuyo 12 Mbps, pamodzi ndi 32 Mbps, pafupifupi 14 GB pa ola. Khadi la 64 GB lisunga maola oposa 4, la 128 GB pafupifupi maola 9, la 256 GB pafupifupi maola 18. Kwa makamera awiri, 128 GB ndiye poyambira. Khadi lalikulu limakhalitsanso, chifukwa gawo lililonse limalembedwa kochepa. Onani kaye kukula komwe kamera yanu imalola.

Khadi latsopano lichiteni format, kutanthauza kufufuta zonse zili pamenepo n'kulikonzekeretsa kulembedwa, mkati mwa kamera momwemo, osati pakompyuta, ndipo bwerezani kamodzi pamwezi. Musanatero, tsegulani vidiyo ya dzulo, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, muone ngati ilipo. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Khadi likadzaza chimachitika n'chiyani? Nanga G-sensor ndi chiyani?

Kamera imadula vidiyo m'zidutswa za mphindi 1, 3 kapena 5, ndipo khadi likadzaza imafufuta chidutswa chakale kwambiri. Mphindi 1 kapena 3 ndi bwino: fayilo ikawonongeka mumataya zochepa, komanso imatsitsika msanga pafoni.

G-sensor imamva kugundidwa ndipo imakhoma fayilo ya nthawi imeneyo kuti isafufutidwe. Ikatcheredwa pamwamba, dzenje lililonse la pamsewu, hampu iliyonse, ngakhale kumenyetsa chitseko, imaziyesa ngozi. Mafayilo okhomedwa amachulukana mpaka kudya malo onse. Makamera ena amayamba kufufuta okhomedwa akale, ena amangosiya kujambula. Itcherani pa mlingo wotsika, ndipo zolowerani kudina batani lokhomera nokha mukaona chinthu chofunika.

Moto ndiutenge pati, pa soketi ya 12V kapena pa USB ya galimoto?

Gwiritsani ntchito tchaja ndi nthambo zomwe zabwera ndi kamera. Makamera awiri pamodzi amafuna 5V ndi ma amp pafupifupi 2. Ma USB ambiri obwera ndi galimoto anapangidwira kuwerenga nyimbo, ndipo ena amangopereka 0.5 A. Kamera ikapatsidwa moto woperewera imayaka, kuzima, kuyakanso, kapena imasiya ya kumbuyo. Makamera ena akalumikizidwa pa USB ya wailesi amadziyesa kuti ali pakompyuta ndipo sajambula n'komwe.

Dziwaninso khalidwe la soketi ya galimoto yanu. M'magalimoto ambiri imazima mukazula kiyi, koma mwa ena imakhalabe ndi moto usiku wonse. Ngati yanu ndi yotero, kamera idzadya batire mpaka m'mawa. Yesani: zimitsani injini, tsekani zitseko, bwerani pakatha mphindi 20 muone ngati kamera yazima.

Ndikufuna izijambula galimoto nditaiimika. Pakufunika chiyani?

Pakufunika kamera yokhala ndi parking mode, ndi nthambo yapadera yotchedwa hardwire kit yolumikiza ku bokosi la mafyuzi. Gulani ya kampani yomweyo imene inapanga kamera, popeza waya wouza kamera kuti injini yazima sulumikizidwa mofanana m'makampani onse.

Njira zojambulira zilipo zingapo. Ina imadzuka pokhapokha galimoto ikagundidwa. Imadya moto wochepa, koma ikamayamba kujambula wogundayo amakhala atachita kale zake. Ina imajambula ikaona choyenda, ndipo pamalo podutsa anthu ambiri imangojambula kosalekeza. Ina imatenga chithunzi chimodzi kapena zingapo pa sekondi. Yabwino kwambiri ndi imene imakhala maso nthawi zonse n'kumasunga masekondi angapo apitawo, kotero kuti kugundidwa kukachitika fayilo imayambira chisanachitike. Pabokosi imalembedwa kuti buffered.

Kulumikiza kwake kuli motere. Nthamboyo ili ndi mawaya atatu: wa moto wosaduka, wa ACC umene umakhala ndi moto pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, ndi wakuda wopita ku chitsulo cha galimoto. Musadalire mtundu wa waya. Makampani ambiri amaika wachikasu kukhala wa moto wosaduka ndi wofiira wa ACC, koma ena, monga Viofo, amasinthanitsa. Werengani kapepala komatidwa pa waya.

1. Pezani bokosi la mafyuzi la mkati mwa galimoto, lomwe nthawi zambiri limakhala pansi pa chiwongolero kapena kuseri kwa kabokosi ka patsogolo pa wokwera. Zulani fyuzi imodzi muone mtundu wake: ATO, mini, low-profile mini kapena micro2. Fuse tap yanu, kachipangizo kolowa pamalo pa fyuzi kuti mutengepo moto wa kamera, ikhale ya mtundu womwewo.
2. Injini itazima ndi kiyi atazulidwa, yezani ndi multimeter kapena kanyali koyezera kuti mupeze fyuzi yokhala ndi moto. Magalimoto ambiri atsopano amasiya moto m'mafyuzi ena kwa mphindi zingapo atazimitsidwa, choncho yezaninso pakapita mphindi 20 mpaka 30.
3. Pezani fyuzi ina yopanda moto kiyi atazulidwa, koma yokhala nawo mukamutembenuza. Ya soketi ya 12V kapena ya wailesi imachita bwino. Mafyuzi a airbag, ABS ndi kompyuta ya injini musawakhudze.
4. Fuse tap ili ndi mipata iwiri. Mu mpata wapafupi ndi timiyendo ikani fyuzi yomwe mwazula. Mu winawo ikani ya kamera, ya 2 A mpaka 5 A malinga ndi malangizo. Kamwendo komwe kali kutali ndi waya kalowe mbali imene moto ukuchokera.
5. Waya wakuda mangani pa bawuti yolowa m'chitsulo chenicheni, chopanda penti. Bawuti yogwira pulasitiki ndiyo imachititsa kamera kuyaka ndi kuzima yokha.
6. Yesani zonse musanabise mawaya: lizani injini, zimitsani, muone ngati kamera yalowa mu parking mode.

Ngati simunagwirepo mafyuzi, kapena galimoto ikadali pa waranti, perekani ntchitoyi kwa makaniko wa zamagetsi. Palinso nthambo yosavuta kuika yolowa pa soketi ya OBD-II, pomwe amakaniko amalumikiza kompyuta yoyezera galimoto, koma onetsetsani kuti nayonso ili ndi chodulira moto chomwe tikufotokoza m'munsimu.

Kodi sizindiphera batire la galimoto?

Zingathe, mukapanda kutchera bwino. Makamera awiri amadya pafupifupi ma watt 3 mpaka 5. Titenge 4 W: pa 12V ndi 0.33 A, kutanthauza 4 Ah (Ah ndi muyezo wa moto umene batire limasunga) pa maola 12 ndi 16 Ah pa masiku awiri. Kwa batire la 45 Ah usiku umodzi si kanthu, koma masiku awiri ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a moto wake wonse.

N'chifukwa chake hardwire kit ili ndi chodulira moto, chomwe chimazimitsa kamera batire likatsika pa mlingo umene mwasankha, kawirikawiri 11.8, 12.0, 12.2 kapena 12.4V. Batire lodzaza likapuma limaonetsa pafupifupi 12.6V, ndipo pa 12.2V limakhala latsala pafupifupi theka. Sankhani 12.2V, ngati batire ndi lakale kapena nyengo ndi yozizira kwambiri, 12.4V. Pa 11.8V galimoto imatha kulira, koma kutsitsa batire motero tsiku lililonse kumafupikitsa moyo wake. Magalimoto aakulu a 24V amafuna nthambo yolola 24V.

Woyenda maulendo afupiafupi, mphindi 10 kupita ndi 10 kubwera, sabwezera moto umene kamera yadya usiku. Kwa iye, komanso kwa wofuna kujambula maola ambiri, njira yabwino ndi batire lapadera la dash cam la mtundu wa LiFePO4, lomwe limatchajidwa poyenda ndipo silikhudza la galimoto mukaima.

Ya kutsogolo ndiimate pati pagalasi?

Kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, kufupi ndi pakati, chakumbali ya wokwera kuti isakutchingeni. Lenzi ikhale pamalo pomwe mawaipa amapukuta. Ikakhala pamwamba pake, mvula ikagwa mudzangojambula madontho. Pewani timadontho takuda ta m'mphepete mwa galasi pamalo a lenzi, ndipo musatchinge makamera ndi masensa obwera ndi galimoto.

Yatsani kamera kaye muone chithunzi musanamate. Pukutani galasi ndi spiriti, liume, kenako kanikizani chomatiracho masekondi 30. Chomata cha 3M chimagwira bwino kuposa cha labala chokakamira ndi mpweya, chomwe chimagwa kukatentha ndiponso chimanjenjemera. Ngati m'bokosi muli kapulasitiki kopyapyala koyala pagalasi musanamate, kagwiritseni ntchito. Kamathandiza pochotsa kamera mtsogolo.

Lozetsani lenzi kuti msewu utenge magawo 6 mwa 10 a chithunzi, thambo 4 kapena kucheperapo, kansonga ka boneti kakuoneka pansi. Thambo likachuluka, kamera imadzichepetsera kuwala ndipo msewu umada. Ngati dashibodi ikuonekera pagalasi masana, kagalasi kotchedwa CPL kamachotsa chithunzithunzi chimenecho, ngakhale kamachepetsako kuwala usiku. Ndipo chotsani kapulasitiki koteteza lenzi; ambiri amaiwala.

Nanga nthambo yopita kumbuyo ndiidutsitse pati?

Nthamboyi imakhala ya mamita 5 kapena 6, yokwanira magalimoto ang'onoang'ono. Kwa minibasi kapena galimoto yaitali, yezani kaye n'kufunsa ngati wopanga ali ndi yaitali. Musaidule n'kulumikiza, ndipo musailowetse m'malo ndi USB wamba ngakhale mitu ikufanana, chifukwa mawaya a mkati amasiyana.

Iyambireni m'mphepete mwa denga, pamwamba pa galasi, n'kuilowetsa pansi pa labala wa zitseko mpaka kumbuyo. Samalani apa: m'magalimoto ambiri muli airbag yobisika m'mphepete mwa denga ndi m'chipilala cha pambali pa galasi lakutsogolo. Nthambo isadutse patsogolo pake. Tsegulani chivundikiro cha chipilala, idutsitseni kuseri kwa airbag motsatira mawaya omwe alipo kale, n'kuimanga. Ngati simungathe, idutsitseni pansi, m'mphepete mwa kapeti.

Pa galimoto imene galasi lakumbuyo limatseguka pamodzi ndi chitseko, nthambo ilowe m'kapayipi ka labala kolumikiza denga ndi chitsekocho. Kadontho ka madzi a sopo kamathandiza kuti mutu wa nthambo udutse. Mukaisiya panja, chitseko chimaipana mpaka kuduka, komanso madzi amalowera pamenepo. Bwezerani labalayo bwinobwino mukamaliza.

Kamerayo imateni pamwamba, pakati pa galasi, pomwe waipa ya kumbuyo imafika, lenzi ikuyang'ana pakati pa timizere totenthetsa galasi. Yang'anani chithunzi musanamate, poti n'zosavuta kuiika chadodolido. Nthambo yotsala muipinde momasuka n'kuibisa kutali ndi mlongoti wa wailesi.

Galimoto yanga ndi pikapu, kapena galasi lakumbuyo ndi lodetsedwa. Nditani?

Galasi lodetsedwa pang'ono silivuta masana. Usiku chithunzi chimada, ndiye kwezani kuwala kwa kamera ya kumbuyo ngati ili ndi potcherera pake. Pa pikapu yonyamula katundu kapena vani yopanda galasi kumbuyo, tengani kamera yoikidwa panja, yolembedwa IP67, kusonyeza kuti siilowa fumbi ndi madzi, n'kumaipukuta fumbi ndi matope kawirikawiri. Oyendetsa matakisi angaganizire ya makamera atatu, yachitatu yoyang'ana mkati yokhala ndi nyali za infrared zoithandiza kuona mumdima.

GPS, Wi-Fi ndi sikirini: n'ziti zofunika?

GPS ndi yofunika, makamaka chifukwa imakonza yokha tsiku ndi nthawi. Vidiyo yolembedwa chaka cholakwika imapatsa wotsutsana nanu poyambira. Imasonyezanso malo ndi liwiro. Dziwani kuti liwirolo limachitira umboni mbali zonse: ngati munkathamanga, vidiyo yanu yomwe idzanena.

Wi-Fi imakuthandizani kutsitsa vidiyo pafoni muli pamalo a ngozi osazula khadi. Ya 5 GHz imathamanga kwambiri kuposa ya 2.4 GHz, ndipo pa mafayilo a 4K kusiyanako kumamveka. Sikirini imathandiza polozetsa lenzi ndi kutchera. Itcherani kuti izizima yokha pakatha mphindi imodzi kuti isakusokonezeni usiku. Machenjezo a kuchoka mu mzere kapena kuyandikira galimoto ina, pa makamera ambiri, amangolira pachabe, ndipo sitingawonjezere ndalama chifukwa cha iwo.

Kodi malamulo amalola?

Zimatengera dziko, ndipo mfundo zoti mufufuze ndi zitatu: pomwe chinthu chingamatidwe pagalasi, kujambula mawu a okwera, ndi kufalitsa nkhope kapena nambala za anthu. Austria ili ndi malamulo okhwima pa makamerawa. Ku Germany, khoti lalikulu linagamula mu 2018 kuti vidiyo ya dash cam ingalandiridwe ngati umboni pa mlandu wa ngozi, ngakhale kujambula kosalekeza kumasemphana ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu. Mukamawoloka malire, fufuzani za dziko lomwe mukupita. Ngati mumanyamula anthu, auzeni kuti kamera ikujambula mawu, apo ayi zimitsani maikolofoni. Vidiyo ya ngozi iperekeni kwa apolisi ndi a inshuwalansi, osati kuthamangira nayo pa Facebook.

Ngozi ikachitika ndichite chiyani ndi kamera?

Anthu kaye: imani pabwino, onani ovulala. Mukatero dinani batani lokhomera fayilo. Ngati galimoto ipitiriza kuyenda kapena kukokedwa, zimitsani kamera, dikirani nyali yake izime, ndiye zulani khadi. Kulizula ikujambula kumawononga fayilo yomwe mukuifunayo. Koperani mafayilo a kutsogolo ndi a kumbuyo, kuyambira mphindi zingapo ngozi isanachitike, n'kuwasunga malo awiri. Musawadule, musasinthe mayina ake. Kutumiza pa WhatsApp ngati vidiyo wamba kumafinya chithunzi mpaka nambala kusawerengeka, choncho tumizani ngati document kapena perekani pa fulashi. Khadi lina laling'ono losungidwa m'galimoto limathandiza kuti kamera ipitirize ntchito pamene loyambalo mwalisunga.

Ndagula kale. Ndidziwa bwanji kuti ili bwino, ndipo zikavuta ndiyambire pati?

Iyeseni sabata yoyamba, nthawi yobweza isanathe. Yendani masana ndi usiku, kenako onerani mavidiyo pakompyuta, osati pa kasikirini kake, pomwe chilichonse chimaoneka chakuthwa. Imitsani vidiyo pa galimoto yomwe ili patsogolo panu pa maloboti, ndi ina yodutsa, muone ngati nambala zikuwerengeka. Onani malire a mafayilo awiri otsatizana ngati palibe masekondi osowa. Isiyeninso padzuwa masana amodzi, muone ngati iyaka bwino mukabwera.

Ikamazima ndi kuyaka yokha, yambani ndi moto: bwezerani tchaja ndi nthambo zake zenizeni, onani waya wakuda. Zikapitirira, sinthani khadi. Ikamalira kapena kulemba kuti khadi lavuta, chitani format. Likabwerezanso, khadilo latha. Ya kumbuyo ikada kapena kumadukaduka, kankhani mitu yonse iwiri ya nthambo mpaka ilowe bwino, kamera itazima, kenako yang'anani pomwe nthambo imapindika pa chitseko. Tsiku likamabwerera ku chaka chakale m'mawa uliwonse, kabatire ka wotchi kafa, ndipo GPS ndiyo ingamakonze ikagwira. GPS ikamachedwa kugwira, galasi lanu lingakhale la mtundu wokhala ndi zitsulo zotchinga dzuwa. Magalasi otero amasiya kampata kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, ndipo ndi pomwe kamera iyenera kukhala. Wailesi ikayamba kusokosa chiikireni kamera, talikitsani nthambo ndi mlongoti, kapena manganipo kamphete ka ferrite. Maloboti ndi nyali za mumsewu zikamaphethira mu vidiyo, sinthani pakati pa 50 Hz ndi 60 Hz kuti zigwirizane ndi magetsi a dziko lanu. Chithunzi chikayamba kuoneka ngati chifunga pakapita miyezi, pukutani galasi mkati ndi lenzi yomwe ndi kansalu kofewa. Chikapanda kusintha, kutentha kwasuntha lenzi, ndipo imeneyo ndi nkhani ya waranti.